Malangizo kwa Bwana Wotopa ndi Zikalata za Madandaulo

Bwana, mukangokweza chiphaso cha pamsika kapena kubweretsa kamsonkho katsopano, anthu amayamba kusonkhanitsa mayina. Ngakhale ku Matope, kumene dzuwa la m'mbali mwa Shire limagoneka mbuzi pansi pa mlambe, mupeza mayi wa tomato akuyenda ndi pepala benchi ndi benchi. Musanjenjemere. Kuwatseka pakamwa simungathe, poti Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino limawalola kusonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere. Koma gawolo silinanene kuti kudandaula kuzikhala kophweka. Inuyo gwirani pomwepo.

Choyamba, phunzirani kwa akuluakulu. Malamulo aakulu a 1994 anali ndi Gawo 64, lopatsa ovota mphamvu yochotsa phungu wawo pom'lembera chikalata. Aphungu analiwerenga, nayang'anizana, ndipo pofika 1995 gawolo linali litapita. Nawo makhansala osankhidwa mu 2000 atamaliza nthawi yawo mu 2005, dziko linakhala lopanda khansala mpaka 2014. Kodi ziphaso zinasiya kudulidwa? Ayi ndithu. Ndiye kuti wolandira ndalama ndi wofunika tsiku lililonse, womvera madandaulo angathe kudikira.

Chachiwiri, kulipira kukhale pafupi, kudandaula kukhale kutali. Wodula ziphaso azifika m'mamawa, tomato asanaunjikidwe n'komwe. Koma lembani m'malamulo kuti chikalata chizilandiridwa ku boma kokha. Neno anaipatula ku Mwanza mu 2003 kuti boma liyandikire anthu, komabe munthu wa ku Matope amayenera kukwera mapiri kuti akalione. Akadzafika ali mbuu ndi fumbi, ya kabaza itaposa msonkho umene akukanawo, mkwiyo udzakhala utatsala theka.

Chachitatu, lemekezani siginecha. Aliyense wosaina aonetse chiphaso cha unzika chosatha ntchito, pakhale chidindo cha amfumu, ndipo wodinda chala abwere ndi mboni yodziwa kulemba. Kenako werengani mayinawo modekha. Mukapeza a Banda awiri, nenani kuti ndi munthu mmodzi wasaina kawiri, chikalata chonse chafa. Akabweranso ndi mayina okwana, auzeni kuti tsiku lomaliza linali dzulo.

Chachinayi, lamulo la apolisi la 2010 limati ofuna kuyenda pamsewu adziwitse bwanamkubwa kusanatsale maola 48. Maola amenewa ndi mphatso yanu. Akwanira kupeza msonkhano wofunika kwambiri kunyanja. Pakhomo siyani kalaliki wa tayi yake, alandire chikalata ndi manja awiri, awerame pang'ono, anene kuti, "Talandira, tikapereka kwa oyenera." Oyenerawo asakhale ndi dzina. Anthu akabwera kudzafunsa, nkhani ili m'manja mwa akuluakulu.

Chachisanu, musaiwale kufunsa maganizo a anthu. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo awoawo, ndipo mphamvu amati zili ku anthu. Choncho itanani a makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, muwakonzere Fanta ndi banzi. Chidziwitso chimateni m'Chingerezi kuseri kwa chitseko. Mfundo ya msonkho ikhale yomaliza, nthawi imene pepala la alawansi layamba kuzungulira. Palibe munthu amatsutsa cholembera chili m'manja. M'maminitsi mulembe kuti onse anagwirizana nazo.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Kuyambira mu 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga likugwira ntchito, ndiye wina angakufunseni kuti ndalama za ziphaso zagwira ntchito yanji. Ameneyo mumuyamikire kwambiri, mum'patse fomu, kenako netiweki ivute.

Mudzamvanso ena akuti njira yachidule yothetsera zikalata ilipo: kumanga chimbudzi pamsika, kuchotsa zinyalala, ndi kumata pakhoma ndalama zimene zalowa ndi zimene zatuluka mwezi uliwonse. Amati anthu akaona zimenezi amalipira okha osakokanakokana. Njira imeneyi ndi yoopsa, bwana, musaiyese. Madandaulo akatha, komiti yoona za madandaulo idzakakumana kunyanja kukambirana chiyani?