Gitala Yomwe Inadya Malata

Gitala ija ili pansi pa bedi, yokulungidwa m'thumba la thonje, ndipo kuchipinda kwa ana kukudonthabe mbali ya kuzenera. Amene anachititsa zonse ziwirizi ndine. Anthu a m'mudzi mwathu, kuno kufupi ndi Nkwali m'mphepete mwa Luangwa, amangodziwa zimene zinachitika pa tsiku la ukwati. Sadziwa kuti nkhaniyi inayamba mu Julayi, usiku umene ndinatsegula chitini cha mkazi wanga iye ali mtulo.

Ine ndine kalipentala. Chakumayambiriro kwa chilimwe, mitsinje ikaphwa, ndimagwira maganyu m'makampu a alendo obwera kudzaona nyama: kukhoma zitseko, kukonza mipando, kusintha matabwa amene chiswe chadya m'dzinja. Koma ndisanagwire sowo ndinayamba ndagwira banjo. Tili anyamata tinkapanga tokha ndi chigubu cha mafuta ophikira, khosi la mtengo wosema ndi mpeni, ndi nsambo zosolola ku waya wa mabuleki a njinga. Tsiku lina amalume anabwera kuchokera ku Lusaka ndi kaseti ya Ngozi Family. Gitala ya Paul Ngozi inkalira ngati njuchi zimene wina wazigenda, koma m'kati mwa ukali umenewo munali nyimbo, ndipo mwiniwake ankaimba m'Chinyanja chomwechi. Iye anamwalira mu 1989, ine ndisanamere ndevu. Kuyambira tsiku la kaseti lija banjo yanga inayamba kundichepera, ndipo njala imeneyo ndakula nayo mpaka imvi.

Gitala yamagetsi yatsopano sindikanaikwanitsa. Chimene chinandipatsa mtima n'chakuti ndinaona pa foni mmene Leo Fender anapangira zake ku California cha m'ma 1950: thupi ndi thabwa logoma lopanda mphako, khosi amachita kumangirira ndi masikuluwu anayi, china chilichonse chimamasuka. Ndinati mumtima, imeneyi ndi ntchito ya kalipentala. Thabwa ndisema ndekha, zitsulo ndigula chimodzichimodzi.

M'chitini muja munali ndalama za thonje. Mkazi wanga ndiye anapalira munda umenewo, ndiye anapopera mankhwala, ndiye anatola ndi ana mpaka zala kuchita zilonda. Tinagwirizana kuti tigule malata 16 tichotse udzu padenga mvula isanabwere. Ine ndinatapa za malata asanu ndi atatu. Ndinadziuza kuti ndibweza ndi ganyu ya mu Okutobala iye asanawerenge. Kumeneko n'kuba, ngakhale kuti panthawiyo ndinakupatsa dzina lina.

Khosi ndinalipeza ku Chipata, kwa mkulu wina wokonza mawailesi pafupi ndi msika wa Kapata. Linachoka pa gitala yothyoka thupi, koma lokha linali lowongoka, mafureti, tizitsulo topingasa pa khosi, onse 22 alipo, makiyi omangira nsambo akuzungulira bwino. Mkuluyo sanandinamize chilichonse. Ine sindinamufunse chilichonse. Zotsalazo, mapickup atatu, bridge, timabatani ta voliyumu ndi nsambo, anandigulira alamu anga ku Lusaka n'kutumiza pa basi. Ndinakazilandira ku Mfuwe m'kabokosi ka sopo, n'kukabisa m'bokosi la zida.

Thabwa linali la mlombwa. Amalume, omwe aja a kaseti, tsopano okalamba, analigogoda ndi chala n'kulinunkhiza.

"Mphwanga, ili lachekedwa liti?"

"Mwezi watha, amalume."

"Likadali ndi madzi. Liike pamthunzi, udzaligwire chaka chamawa."

Ndinkadziwa kuti akunena zoona, pakuti ndi zimene inenso ndimauza anthu ofuna zitseko. Koma ndinali ndi ngongole yobisa, ndipo munthu wa ngongole yobisa amafuna chinthu chithe msanga kuti chimuyankhulire. Ndinalisema mu Seputembala. Amene anakhalapo m'chigwa muno mu Okutobala akudziwa kuti kutentha kumapitirira madigiri 40, mphepo yake youma ngati yochokera mu uvuni wa njerwa. Mmawa wina ndinapeza mng'alu wayamba kumunsi kwa thabwa, wotalika ngati chikhatho. Ndinathiramo guluu wosakaniza ndi utuchi, ndinamanga ndi malegeni a chubu cha njinga, ndipo unagwira.

Za mawaya ndinene mwachidule. Chowotcherera mtovu ndinalibe, choncho ndinkatenthetsa msomali wa mainchesi sikisi pa mbaula. Pickup ndi maginito asanu ndi imodzi okulungidwa ndi waya wa kopa wowonda kuposa tsitsi, wozungulira maulendo pafupifupi 8,000. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pake, m'wayamo mumabadwa timagetsi tochepa, ndipo n'timene amp imakuza. Msomali wanga unakhalitsa pa pickup yapakati, kawaya kaja kanaduka m'kati, ndipo inafa isanalireko n'kamodzi komwe. Ndinaisiya pamalo pake kuti itseke dzenje.

Tsopano ndifike pa cholakwa chenicheni, chimene ndimachiganizira ndikadzuka usiku.

Pa gitala, malo a bridge, chitsulo chogwira nsambo pa thupi, si ongosankha ndi maso. Kutalika kwa nsambo, kuchokera pa kafupa ka kumutu kwa khosi kufika pa bridge, n'kumene kumalamula pamene fureti iliyonse iyenera kukhala. Fureti ya 12 imakhala pakati penipeni, chifukwa nsambo ukaifupikitsa ndi theka imatulutsa liwu lomwe lija koma lokwera. Ndinawerenga pa foni kuti muyeso wake ndi mamilimita 648. Ndinakoka tepi, ndinalemba ndi pensulo, ndinabwereza katatu monga ndimachitira ndi chitseko cha bwana, n'kuboola mabowo asanu ndi limodzi. Ntchito yake inali yaudongo ndithu. Chimene sindinadziwe n'chakuti 648 ndi muyeso wa magitala a mtundu wa Fender, pamene a mtundu wa Gibson ndi ena owatsanzira amayendera 628. Khosi langa la ku Kapata linali la 628. Ndikanangoika tepi pa khosi lenilenilo, lomwe linali m'manja mwanga, ndikanapeza kuti fureti ya 12 ili pa 314, osati 324. Ndinakhulupirira nambala ya pa foni kuposa mtengo umene ndinaugwira. Bridge inapita kumbuyo ndi mamilimita 20, osafika ngakhale kutalika kwa kachitsulo ka pa botolo la Fanta.

Cholakwa chotere chimabisala. Nsambo ukaziliza osazigwira zimamveka bwino. Ukagwira kufupi ndi mutu, pa fureti yoyamba kapena yachiwiri, kusiyana kwake n'kochepa moti khutu lofuna kukondwa silimva. Ine ndinkayesera usiku kuseri kwa khola, popanda amp, ndekhandekha, ndi makodi atatu a pa banjo. Ndinkamva zokoma zokhazokha.

Mu Novembala mango akapsa, njovu zimawoloka Luangwa kuchokera ku paki n'kulowa m'midzi usiku. Aliyense kuno amadziwa, ngakhale mwana. Koma ine nditapaka vanishi womaliza, ndinapachika thupi la gitala ndi waya pa nthambi ya mtengo wa mango kuseri kwa nyumba kuti liume kopanda fumbi, ndipo ndinaiwala kulichotsa. Pakati pa usiku tinamva nthambi ikuthyoka, kenaka kulira kwa m'mimba kuja kumene kumagwedeza chitseko. Ndinadzuka, ndinatenga tochi, ndinagwira loko. Mkazi wanga anandigwira lamba la kabudula ndi manja awiri.

"Atate ake mwana, mukupita kuti?"

"Thabwa langa lili pamtengo."

"Thabwa? Mukufuna ana awa akakutoleni ndi fosholo chifukwa cha thabwa?"

Mawu ake anali otsika kuti ana asadzuke, koma thupi lonse linkanjenjemera. Ndinakhala pansi, msana pachitseko, mpaka kunja kunayera. Maliro a anthu opondedwa ndi njovu ndapitako, bokosi lina ndinakhoma ndine. Ndikakumbukira kuti dzanja langa linali pa loko, ndimachita manyazi kuposa a pa ukwati. Mmawa ndinapeza thabwa lili pansi pakati pa ndowe ndi makoko a mango, kona imodzi itaphwanyika, mng'alu uja utatsegukanso pang'ono. Mkazi wanga analiyang'ana, anayang'ana mabowo a mapickup, anandiyang'ana ine. Sananene kanthu.

Ukwati unali wa mwana wa alamu anga, kumayambiriro kwa Disembala. Ndinadzipereka ndekha kuti ndiimba ndi anyamata a kwaya ya kutchalitchi, amene ali ndi kiyibodi, ng'oma ndi amp yoyendera jenereta. Tsiku loyeserera sindinapite. Ndinali ndikumangabe nsambo. Ndinafika pa tsikulo gitala ili m'chitenje, ndipo nditaivundukula anthu anaunjikana. Mlombwa ukapakidwa vanishi umafiira ngati uchi wa m'phanga. Amayi ena anaigwira ndi nsonga za zala n'kufunsa ngati ndaigula ku Joni. Sindibisa, mphindi imeneyo ndinaimva kukoma, ndipo ndinalakalaka amalume akanakhala pafupi.

Titalumikiza ku amp panabuka phokoso ngati la mavu m'chitini. Ndinali nditaiwala kawaya kamodzi kochokera ku bridge kupita kumbuyo kwa batani la voliyumu, kamene kamathetsa mkokomo wotere munthu akagwira nsambo. Wa kiyibodi anatsitsa voliyumu, tinapirira. Nyimbo yolowera akwati inayamba, ndipo pa makodi akumutu zinkayenda. Kenaka inafika mbali yokwera pakati pa khosi mpaka fureti ya 12. Liwu lililonse linkatuluka lotsika kuposa la kiyibodi, ndipo ndikamakwera linkatsikirabe, mpaka kusiyana kunafika theka la fureti yathunthu. Ndinaganiza kuti nsambo zamasuka. Ndinaima, ndinachuna, zinali bwinobwino. Ndinayambanso, chimodzimodzi. Atsikana a kwaya anayamba kutaya nyimbo, ena kutsata ine, ena kutsata kiyibodi. Ana operekeza akwati, amene anayeserera masitepe mwezi wathunthu, anasokonezeka pakati pa bwalo, ndipo kamtsikana kakang'ono kakutsogolo kanayamba kulira. Mkwatibwi anaima pakhomo la tenti, maluwa m'manja, akudikira nyimbo yoti alowere.

Alamu anga anabwera okha, anawerama pakhutu langa.

"Alamu, pepani, tazimitsani. Mwana alowe."

Ndinasolola waya. Nyimbo inayambanso popanda ine, ndipo inayenda bwino.

Nthawi ya chakudya ndinakhala kuseri kwa tenti. Kunabwera mkulu wina, mphunzitsi wopuma ntchito, amene paunyamata wake ankaimba m'mabandi a ku migodi ku Kitwe nthawi ya WITCH ndi Amanaz. Sanandiseke. Anaitenga gitala, anaiyang'ana mopenyetsa m'mbali mwa khosi ngati mmene timaonera ngati thabwa lapindika, n'kunena kuti, "Mwana wanga, tandipatsa kachingwe." Ndinasolola ulusi wa thumba la ufa. Anauyeza kuchokera pa kafupa ka kumutu kufika pa fureti ya 12, anatsina ndi chikhadabo, kenaka anausuntha kuchokera pa fureti ya 12 kupita ku bridge. Ulusi unathera panjira. Panatsala mpata woti chala changa chachikulu n'kugonamo.

"Mbali ziwirizi zimayenera kulingana," anatero. "Manja uli nawo, khosi walikhazika bwino kwambiri. Koma unafunsa ndani?"

"Palibe, aphunzitsi."

"Safunsa anadya phula. Ine ndimakhala pa Masumba pomwepa, njinga ola limodzi."

Tinayesa kukankhira tizitsulo ta pa bridge kutsogolo ndi sikuludiraiva, koma timayenda pang'ono chabe, sitingabweze mamilimita 20. Anandiuza kuti mabowo asanu ndi limodzi aja atsekedwe ndi timitengo, bridge isunthire kutsogolo. Nditayeza ndinapeza kuti malo atsopanowo akugwera m'mphepete mwa dzenje la pickup yakumbuyo, ndiye kuti dzenjelo liyenera kutsekedwa ndi chidutswa cha mlombwa, lisemedwenso lina.

Mvula yeniyeni inagwa patapita masiku anayi. Ganyu ya mu Okutobala inali italowa ku nsambo, vanishi ndi ulendo wa ku Chipata, moti malata amene tinakhoma anali asanu ndi atatu okha, mbali ya chipinda chathu ndi pabalaza. Ndinali nditauza mkazi wanga kuti mitengo yakwera. Usiku umenewo tinanyamula ana ndi mphasa zawo zonyowa kuwabweretsa kwathu, mabuku a sukulu a wamkulu titawayanika pa mbaula. Ana atagona ndinamuuza zonse, kuyambira pa chitini.

"Ndinawerenga mmawa wake womwewo," anatero. "Ndalama ya thonje ndimaidziwa ndi fungo lomwe."

"Nanga bwanji simunandifunse, amake mwana?"

"Ndimadikira kuti munene nokha. Mukanandipempha, mwina ndikanakupatsani za malata awiri, mukanagula pang'onopang'ono. Kuimba kwanu sindidana nako. Ndinakudziwani muli ndi banjo."

Mawu amenewo anandilasa kuposa kulira kwa kamtsikana ka pa ukwati. Ndinapepesa, ndipo mmawa ndinapita kukapepesanso kwa alamu anga ndi kwa mkwatibwi, nditanyamula nkhuku.

Kuchokera mu Januwale ndakhoma mabenchi a sukulu, zitseko ziwiri ndi bokosi limodzi la maliro. Ndalama iliyonse ndimaipereka m'manja mwake, iye ndiye amaika m'chitini. Malata asanu tagula, atsamira kukhoma kudikira anzake atatu. Chidutswa cha mlombwa chotsekera dzenje ndinachicheka kale, chili pamthunzi pamwamba pa mtanda wa khitchini, ndipo amalume akuti pofika Ogasiti chidzakhala chitauma. Aphunzitsi aja anatumiza mwana kudzandiuza kuti tsiku loboola ndisadzayambe iwo asanafike, abwera ndi ulusi wawo.