Dizilo wakwera sitima, ine ndikadali pa kabaza

Anthu a ku Lilongwe asamatiyang'anire pansi ife a kuchigwa pa nkhani ya mayendedwe. Iwo akamanyadira msewu wawo wa mizere 6, ife timangoseka, chifukwa boma linatikonda kuposa iwo. Ku Nsanje tili ndi doko, ndipo dzina lake lili ndi mawu oti dziko lonse lapansi. Tili ndi njanji yoyamba m'Malawi muno, imene inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera kwathu kuno, Nsanje ikadali kutchedwa Port Herald. Tilinso ndi M1, msewu nambala wani, umene umakathera pa Marka. Chimene chikutisowa n'chaching'ono chabe: chokwera.

Ine gawo langa pa chitukuko cha dziko lino ndi kuomba m'manja. Palibe anandilemba ntchitoyi, ndinangoiona kuti ili ndi malo. Kukamveka kuti kukubwera bwana kudzaika mwala wa maziko, ine ndimakhala nditafika kale, ndisanamwe n'tiyi yemwe.

Mu Okutobala 2010, pamene malemu Bingu wa Mutharika ankatsegulira doko la Nsanje pamodzi ndi Robert Mugabe ndi Rupiah Banda, ndinali patsogolo penipeni, nditavala jekete ya alamu anga. Amene amaudziwa Okutobala wa ku Nsanje akudziwa kuti jeketeyo sinabwererenso kwa mwini wake ili ndi ulemu. Tinayang'ana kumunsi kwa Shire mpaka maso kuwawa. Sitima imene tinkaidikira anali ataigwira ku Mozambique, kumene akuluakulu ankati kafukufuku wa kayendedwe ka zombo mu Zambezi anali asanachitike. Tinatsegulirabe. Doko ndi doko, sitima n'zongowonjezera.

Poti ine ndimaona patali, ndinali nditagulitsa kale mbuzi n'kugula ufa wa tirigu ndi mafuta ophikira, kuti mayi a kunyumba azikazinga mandasi ogulitsa kwa amalinyero. Ndinaphunziranso moni wa Chipwitikizi. Mandasiwo anadya ndi ana, moniwo ndimapatsa bakha wa pakhomo, ndipo mayi a kunyumba mpaka lero akafuna kundituma amati, "Akaputeni, tatungani madzi."

Za njanji ndiye musandiyambe. Sitima zopita ku Beira zinaima m'zaka za m'ma 1980 chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique. Mu 1997 madzi anadula njanji cha ku Chiromo, Bangula n'kutsala payekha. Kuyambira pamenepo, wofuna kupita ku Makhanga amakwera bwato pa Mtayamoyo, n'kulipira kawiri: mutu wake ndi njinga yake. Njingayo ndiye imakhala mwaufulu, iwe utagwira m'mphepete mwa bwato, ukuwerenga mvuu ndi kukumbukira machimo ako onse. Madzi osefukira a 2015 anadzamalizitsa ndi sitima ya anthu ija inkachokera ku Limbe kufika ku Makhanga. Mwana wanga wamkulu ali ndi ndevu tsopano, koma sitima ya pa Bangula amangoimva kwa ine, ndipo amaiyika m'gulu limodzi ndi nthano za kalulu.

Kenako tinamva kuti njanji ya makilomita 72 kuchokera ku Marka kufika ku Bangula imangidwanso. Ndinachapa malaya. Mu 2021 bungwe lothana ndi katangale la ACB linaimitsa kaye kasankhidwe ka kontilakitala, ine n'kupinda malaya aja. Mu 2022 ntchito inaperekedwa ku kampani ya ku China ya CR20 pa mtengo wa ndalama pafupifupi K68 biliyoni, ine n'kuwatulutsanso.

Ndalama imeneyi inandisowetsa tulo. Masamu ndinalekezera panjira, koma ndinakhala pansi ndi kope la mwana n'kugawa 68 biliyoniyo ndi makilomita 72. Zinandipatsa pafupifupi K1 miliyoni pa mita iliyonse. Tsopano ndikamayenda wapansi motsata njanji, poti ya minibasi ilibe, ndimayenda monyada. Phazi lililonse ndikaponya ndi miliyoni. Kuchoka pakhomo kukafika kuchigayo ndimakhala nditaponda ndalama zimene mtundu wathu wonse sunazigwirepo. Ndipo awo ndi masamu a kwacha yakale, isanagwetsedwe ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso namondwe Freddy asanadutse mu Marichi 2023 kudzaona mmene ntchito ikuyendera. Panopa phazi langa liyenera kuti linakwera mtengo.

Tsiku lalikulu linafika mu Seputembala 2024. Sitima inalowadi pa Marka kuchokera ku Beira, patapita zaka pafupifupi 40, ndipo a Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko nthawiyo, anabwera kudzailandira. Pamenepa sindikuseka: inali sitima yeniyeni, ya mawilo, yolira. Amayi analulutira, ine ndinaomba m'manja mpaka zikhatho kutentha. Phokoso litachepa ndinasendera kwa mkulu wina wovala chipewa cholimba chija.

"Pepani bwana, matikiti akugulitsira pati?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku patapata. "Madala, iyi ndi ya mafuta."

"Nanga anthu?"

"Anthu abwera kudzaona."

Ndiye taonani mmene zinakhalira. Dizilo anachoka ku Beira atakhala bwinobwino m'bogi yake, opanda womupanikiza. Atafika pa Marka anamusamutsira m'mathanki, n'kunyamuka ulendo wa kumtunda. Ine mwini dziko, wovota, wobatizidwa, ndinabwerera pa kabaza, mathankiwo akundipyoza fumbi. Patangopita milungu yochepa mafuta anasowa m'dziko lonse, mtengo wa minibasi n'kukwera. Ndinayesa kuuza kondakitala kuti dizilo ameneyu ndimadziwana naye, ndinakamulandira ndekha kumalire. Anati, "Madala, perekani ndalama, nkhani mukambe tikafika."

Minibasi ya kuchigwa nayo ndi sukulu. Mpando wa anthu atatu timakhalapo anayi, wachisanu n'kukhala pa bondo lako ngati munabadwa bere limodzi. Pansi pali mbuzi, kumbuyo dengu la milamba youma, ndipo pofika pa Dyeratu nonse mumanunkha mofanana. Mukadutsa pa mlatho wa Kamuzu ndi pa Thabwa n'kuyamba chikweza chopita ku Blantyre, injini imayamba kutsokomola, kenako dalaivala amati abambo atsike. Ine ndiye woyamba kutsika, poti nkhope yanga ndi ya munthu wokankha. Ndinamva kuti pa lita iliyonse ya mafuta pali kandalama kopita ku thumba lokonzera misewu la Roads Fund Administration, ndipo kandalamako kamachokera m'thumba mwa wokwera. Ndiye kuti inenso ndili m'gulu la opereka thandizo ku boma, limodzi ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse. Kusiyana kwake n'kwakuti anzangawo sakankha galimoto.

Kale kunali mabasi a UTM, ya mabasi osati ya ndale, kenako Stagecoach, kenako Shire Bus Lines imene inatha mu 2007. Imeneyo inatenga dzina la mtsinje wathu n'kupita nalo kumanda. Mlatho wa Chapananga pa mtsinje wa Mwanza tinauomberanso m'manja, namondwe Ana n'kuudula mu Januwale 2022. Msewu wa kutsidya kwa Shire, wochoka pa Thabwa kulowera ku Fatima ndi Makhanga, walonjezedwa ndi zipani zambiri moti ukanakhala munthu bwenzi uli ndi nsalu zodzaza sutikesi. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Kwathu kuno ng'oma ndiye zimalira, chakudzacho osadza.

Amene amanyamuladi chigwa chino ndi mnyamata wa kabaza ndi mkulu wopalasa bwato. Iwowa alibe bajeti, sanaikiridwepo mwala wa maziko, koma mayi wodwala amafika nawo kuchipatala, thumba la mbatata limafika pamsika, ngakhale mphunzitsi amafika nawo kusukulu. Wa kabaza amene amandinyamula ine amandikongozanso, chinthu chimene sindikuyembekeza kuti sitima idzachita.

Ndalengeza kunyumba kuti ndanyanyala: sindiombanso m'manja mpaka nditagwira tikiti. Mayi a kunyumba angoti, "Inu abambo, tidzaona likadzabwera galimoto la zimkuzamawu." Amandidziwa.

Koma a nduna a zamtengatenga, pempho langa ndi ili. Musanaike mwala wina kuchigwa kuno, timangireni mlatho pa Mtayamoyo. Ndipo kumbuyo kwa mabogi a mafutawo mangiriraniko imodzi ya anthu. Mipando musavutike nayo, tidzabwera ndi mphasa. Zikakanika zonsezi, ndilembeni m'kaundula kuti ndine dizilo, malita 60, wopita ku Limbe.