Ukayenda Siya Phazi, Nanga Foniyi Tiisiya Kuti?

Akale popeka mwambi wakuti "ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza" ankadziwa mlomo umodzi wokha, wapankhopewu, umene sunkapita kulikonse popanda mwiniwake. Ukatukwana nyakwawa ya mudzi wa eni, mawuwo ankatsala pabwalo pomwepo n'kumakudikira mpaka chaka cha njala, pamene udzabwerenso kudzasuma. Mlomo wa nthawi imeneyo unali wodekha. Walerowu uli ndi bandulo, uli ndi kamera, ndipo sudikira munthu. Mwiniwake adakali kumanga katundu ku Johannesburg, iwo wafika kale ku Kaliyeka, walonjera anthu, apatsidwa ndi mpando womwe.

Wofuna kuona mwambiwu ukuzunzika amuyang'ane mnzathu wa ku Joni pa tsiku lake lomaliza, mawa lake ali ndi ulendo wakumudzi. Nthawi yonseyi munthuyu wakhala wofatsa. Wasesa m'shopu ku Mayfair, wanyamula makatoni, akamukalipira amangoti "yes boss" maso ali pansi. Koma tikiti ya basi ili ndi mankhwala ake. Ikangolowa m'thumba, chifuwa chimatukumuka. "Lero ndimuuza zoona mkulu ameneyu," amatero, ndipo amamuuzadi: za malipiro, za kugwira ntchito Lamulungu, za tiyi wopanda mkaka. Mwini nyumba naye amalandira gawo lake. Poti kulimba mtima kuli ndi malire, mawu akuthwa kwambiriwo sawanena pamaso. Amawajambula pa WhatsApp atakhala kale pabenchi pa Park Station, n'kutumiza, n'kuzimitsa foni.

Chimene amaiwala n'chakuti msewu wa ku Joni umayenda mbali ziwiri. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama sizigonera m'nyumba. Marandi amene ankaoneka ambiri pa Small Street amatha ndi shuga, sopo, fizi ndi maliro awiri. Miyezi ingapo, munthu uja wayamba kufunsa mtengo wa basi. Amene adapitirira masiku 30 omwe Mmalawi amaloledwa kukhala kumeneko popanda viza ali ndi nkhani ina, pakuti kuyambira 2014 wotereyu amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, mwinanso mpaka zisanu. Ena amati chiletsocho n'chifundo, chifukwa chimapatsa bwana uja mpata woiwala. Bwana akhoza kuiwaladi, koma foni yake siiwala. Udzaima pageti, chipewa m'manja, ukuti "bwana, zija zinali zocheza," iye n'kungodina, iwe n'kumadzimvetsera wekha kuyambira pa moni mpaka pa tiyi wopanda mkaka.

Umenewo ndi mlomo wotsala m'mbuyo, ndipo akale adaudziwa. Umene sadaulote ndi wotsogola.

Masana a tsiku lomaliza lija mnzathu amapita ku China Mall kukagula tinthu ta ana. Kumeneko amapeza firiji ya zitseko ziwiri, yaitali kumuposa. Saigula, ndalama yake alibe. Amangoitsamira, dzanja pachitseko, mnzake n'kumujambula. Chithunzicho chimakwera pa status ndi mawu awiri: "Kaliyeka konzekani." Pasanathe mphindi khumi achiona alamu, achiona adzakhali ku Chilinde, achiona msungichuma wa banki m'khonde kumene akazi ake ali ndi ngongole, achionanso akulu a mpingo amene akusonkhetsa za malata a tchalitchi. Foni imayamba kulira.

"Achimwene, ine nsapato saizi 8, zakuda."

"Ankolo, foni ija mudanena."

"Alamu, ife sitipempha zambiri ayi, kabulangete chabe. Koma kakhale ka nyalugwe kaja."

Onsewa amawayankha chimodzimodzi: "Osadandaula, zonse zatheka." Ine ndimati mawu atatu amenewa asaukitsa mabanja ambiri kuposa mowa.

Apa ndimawasirira agogo athu a Wenela ndi Theba. Iwo ankapita kumigodi pa kontilakiti, kalata yawo inkatenga milungu kuti ifike, ndipo nthawi zambiri ankafika okha kalatayo isanawerengedwe. Panalibe wotumiza mndandanda wa nsapato. Munthu ankangotulukira ndi bokosi lachitsulo, njinga, wailesi, jekete lalikulu mu October, ndipo chilichonse chotuluka m'bokosimo chinali chodabwitsa chifukwa sadachilonjeze. Gawo lina la malipiro awo linkasungidwa kuti adzalandirire kuno kwathu. Amene adakonza dongosolo limenelo anali ndi zolinga zawo, ndipo sizinali zokomera agogowo, koma mosadziwa adawateteza ku tsiku lomaliza. Theba idasiya kulemba Amalawi mu 1988. Dzina la Wenela lidatsala padepoti ku Blantyre, ulendowo sudathe, koma wosunga ndalama za munthu kuti zisathere pa China Mall palibenso.

Madzulo kumabwera alendo. Anthu amene simudaonane nawo chaka chathunthu, ngakhale mumakhala msewu umodzi ku Yeoville, amakumbukira mwadzidzidzi kuti ndinu apachibale. Aliyense ali ndi kaphukusi. "Kakang'ono kwambiri achimwene, mukangopatsa amayi ku Biwi." Kaphukusiko kakulungidwa ndi tepi mpaka kosaoneka mutu ndi mchira, ndipo ukakanyamula msana umalira. M'katimo muli batire ya galimoto. Wina wabweretsa chigubu cha mafuta ophikira cha malita 20, wina matayala awiri, wina mpando wa mwana. Kukana sungathe, chifukwa wokana kunyamula katundu wa mnzake mbiri yake imafika ku Kawale usiku womwewo. Ndiye umavomera, kumene kulinso kusiya mlomo. Mawa lake pasikelo ya basi, katundu akamayezedwa asanalowe mu telala, eni maphukusi aja onse amakhala ali kuntchito, mafoni awo osayankhidwa. Wolipira ndiwe, ndipo ndalama yake ndi ija ya nsapato saizi 8.

Mwambi uja umapuma pa Beitbridge. Basi ikangowoloka Limpopo, simu ya ku South Africa imasiya kuthandiza, ndipo anthu onse aja amene dzulo anali ndi mawu pa chilichonse amakhala chete. Masvingo, Harare, Nyamapanda, Cuchamano, kutentha kwa Tete, mlatho wa pa Zambezi: mtunda wonsewu Mmalawi amasiya phazi lokha, monga adalamulira akale, osati chifukwa cha nzeru koma chifukwa netiweki palibe. Amadya nkhuku yozizira, amatupa mapazi, amawerengera m'mutu anthu amene adawauza kuti zatheka.

Pa Dedza mpamene pamachitika chozizwitsa. Mpondamatiki wa pa status uja akaona fomu ya MRA amasauka nthawi yomweyo. Mawu amachepa, mapewa amagwa. "Bwana, muno mulibe kanthu, ndi tizovala takale ta ana." Munthu mmodzi, milomo iwiri: wina wauza Kaliyeka yense kuti akubwera ndi shopu, wina ukulumbira kuti kunjako adangokavutika. Akabwezera simu ya TNM kapena Airtel, mauthenga a masiku awiri amalowa nthawi imodzi ngati nkhuku zomva chimanga chikukhuthulidwa, ndipo woyamba ndi wa adzakhali: "Firiji ija musaigoneke m'basimo, imawonongeka."

Pofika ku Lilongwe, katundu wake weniweni amakwana pa kabaza mmodzi. Wa eni ake amafuna galimoto yahayala. Ku Kaliyeka amapeza pakhomo posesedwa, ana osamba, mpando wapabalaza utasunthidwa kuti pakona papezeke malo. Adzakhali abwera kuchokera ku Chilinde ndi shuga ndi timapepala ta mafilizesi, bizinesi yayamba kale m'mutu mwawo, adauzanso ana a sukulu kuti Lolemba adzagule. Alamu akhala pakhonde, maso ali pa zikwama zamizeremizere zikamatsitsidwa, akuziwerenga. Aneba aima kumpanda, ati akuyanika zovala.

Moni amatenga nthawi, monga mwa mwambo. Mwayenda bwanji, tayenda bwino, kaya kuno. Madzi akumwa amabwera. Kenako mwana wamng'ono, amene sadziwa kuti zina sitifunsa, amafunsa.

"Adadi, firiji ili kuti?"

Munthu uja amatsokomola, amayang'ana wotchi imene ilibe batire. "Inali yaikulu kwambiri, m'basi sinakwane. Ikubwera ndi transipota sabata yamawa."

Adzakhali amagwedeza mutu, n'kupinda timapepala tawo. Iwo ndi munthu wamkulu, za matransipota amazidziwa. Mumzere wawo womwewo ku Chilinde muli mafiriji atatu, sofa imodzi ndi jenereta zimene zakhala zikuwoloka pa Beitbridge kuyambira chaka cha korona.