Ulemu kwa Mfumu ya Kapu Imodzi

Mwa anthu onse otumikira boma la Mulanje, palibe woiwalika ngati bambo amene amagula kapu imodzi ya tiyi dzuwa likutuluka n'kukhala nayo mu tiyirumu mpaka nthawi ya nsima. Amapezeka pa Chitakale, pa Nkando, pa Limbuli, ngakhale pa chipata cha Muloza pomwe wina aliyense amakhala pa liwiro. Mendulo sanalandirepo, chonsecho luso lake ndi losowa.

Lusolo lagona pa kamwedwe. Tiyi akatentha amamuuzira, akazizira amamutakasa ndi supuni ngakhale shuga anasungunuka kalekale. Chachikulu n'chakuti pansi pa kapu pasaume, chifukwa lamulo la mu tiyirumu, losalembedwa pakhoma ngati lija lokana ngongole, limati benchi ndi la amene kapu yake ili ndi kanthu. Mwini malo akafunsa kuti, "Achimwene, tibweretse sikono?" iye amayankha mofatsa kuti, "Pepani mayi, ndikudikira munthu." Munthuyo safika.

Musamuderere, pakuti chakumwa chili m'manja mwakecho chili ndi mbiri. Azungu oyamba kutsegula minda kuno ankafuna khofi, koma khofiyo anawakana. Mu 1891 Henry Brown, wochokera ku Ceylon, anadzala m'bomali mbewu za tiyi zimene anakatenga ku Mishoni ya Blantyre. Lero tiyi wakuta tsinde la phiri ku Thornwood, Lauderdale, Ruo ndi Lujeri, akatswiri ku Mimosa amafufuza mitundu yatsopano, ndipo masamba ambiri amapita kunja, ena kudzera pa msika wa ku Limbe. Pa wochepa wotsala m'dziko muno, ndi bamboyu yekha amene amalemekeza thukuta la othyola tiyi: ena amagugudiza n'kuthamanga, iye dontho lililonse amalipatsa ola lake.

Ntchito yake ina ndi ya mtolankhani wosalandira malipiro. Mtengo wa chimanga chochokera ku Milange amaudziwa, tsiku la malipiro ku esiteti amalidziwa, chimene Bullets yagonjera kwa Wanderers amachifotokoza kuposa kochi. Komanso tiyirumu yopanda munthu imakayikitsa. Akabaza akasuzumira n'kuona mutu umodzi pa benchi, amaimika njinga n'kulowa, n'kugula zitumbuwa, mandasi ndi tiyi wamkaka. Phindu lonselo iye salipemphera gawo.

Abale ake a kunja anatchuka. Ku London m'zaka za m'ma 1600, munthu ankapereka peni imodzi n'kukhazikika m'nyumba ya khofi kumvera nkhani, ndipo msika wa inshuwalansi wa Lloyd's unabadwira m'macheza a m'nyumba yotere ya Edward Lloyd. Ku America zinavutirapo. Mu 2018 amuna awiri akuda anamangidwa mu Starbucks ya ku Philadelphia atakhala osagula kanthu. Kampaniyo inapepesa n'kulola aliyense kukhala ulele, koma mu Januwale 2025 inabweza mawu: wokhala azigula.

Mayi mwini tiyirumu ya pa Chitakale naye amawerengera nkhuni, shuga ndi mkaka, ndipo amadziwa kuti malo a munthu mmodziyo akanadutsapo makasitomala angapo. Koma kuitana apolisi sangayerekeze. Bamboyu ndi mpongozi wa mnzake, ndi mkulu wa mpingo, kapena ndi mmodzi wa adzukulu amene adzakumba manda pakagwa zovuta pakhomo pake. Motero nkhondo imamenyedwa mwaulemu. Mayi amazimitsa wailesi, bambo amayamba kufotokoza yekha nkhani. Mayi amapukuta tebulo, bambo amanyamula kapu m'mwamba. Mayi akabwera ndi tsache, bambo amatukula miyendo yonse iwiri, n'kuwayamikira kuti m'boma lonse mulibe tiyirumu yaukhondo ngati yawo, ndipo n'chifukwa chake mawa alawirira.