Ulemu kwa a Sid Vicious, Eni Gitala Yosalira

Munthu wolembedwa ntchito chifukwa choti amaidziwa alibe nkhani. Mmisiri akakhoma mpando wa miyendo inayi yofanana, palibe amaimba nthungululu. Ndi ntchito yake basi. Koma kulowa ntchito usakuidziwa, kukhalapo miyezi 11 osaiphunzira, n'kudzatchuka nayo kuposa onse amene anaikhetsera thukuta, pamenepo ndiye pofunika kuvula chipewa. Choncho ndiloleni lero ndigwade pamaso pa a Sid Vicious a ku London, oimba gitala ya besi a gulu la Sex Pistols, amene nkhope yawo dziko lonse limaidziwa koma besi yawo anaimva ndi owerengeka.

Ndikuti "a Sid" mwadala. Munthu wotere sitimutchula dzina ngati mwana wotumidwa kuchigayo.

Tiyambe ndi dzinalo. Anabadwa pa 10 Meyi 1957 ku Lewisham, m'banja la a Ritchie, ndipo anzawo ankawaitana kuti John. Akuluakulu ena akafuna dzina loopsa amabwereka kwa mkango, kwa njovu kapena kwa ng'ona. A Sid, mwa kudzichepetsa kwawo, analitenga kwa kambewa. Mnzawo wa kukoleji ya ku Hackney, John Lydon, amene anadzatchuka ndi dzina loti Johnny Rotten, ankaweta kambewa ka mtundu wa hamster kotchedwa Sid. Tsiku lina kanawaluma, iwo n'kudandaula kuti n'kolusa, ndipo kulusako pa Chingerezi ndiko amati "vicious". Dzina linapsa pomwepo. Linali lachipongwe, ngati kutcha kagalu kamantha kuti Mkango. Koma a Sid sanali munthu wotaya mphatso. Analivala ngati malaya a mkulu wawo, manja akulendewera, n'kuyamba kudzikulitsa kuti liwakwane.

Anakula pa nyengo yokomera anthu a luso lawo. Mu 1975 mitengo ya zinthu ku Britain inakwera ndi pafupifupi 25 peresenti, ndipo mu 1976 boma la Mfumukazi linakagogoda pakhomo la IMF kukapempha ngongole, khomo lija ife timayesa ndi lathu tokha. Achinyamata osowa ntchito anali mbwee m'misewu, atatopa ndi oimba olemera amene ankatha mphindi khumi akukanda gitala kuonetsa kuti zala zawo n'zophunzira. M'menemo ndi mmene munabuka punk: nyimbo zaphokoso, zothamanga, zazifupi, zokhala ndi uthenga umodzi wakuti kuimba sikulira sukulu, makodi atatu a pagitala akwana. Ambiri anamva uthengawu n'kukaphunzira makodi atatuwo. A Sid okha ndi amene anaumvetsa mpaka kumizu. Anaona kuti atatuwonso achuluka.

Asanalowe mu Sex Pistols anali wolitsatira wosaphonya, ndipo anthu amati ndiwo anayambitsa gule wotchedwa pogo. Malamulo ake ndi awa: imani chiriri, manja m'mbali, dumphani molunjika kumwamba, bwererani pansi, bwerezani, ngati musi wa mayi amene alendo amudzidzimutsa ufa ulibe. Chiuno chili patchuthi, mapazi alibe chowerenga. Ganizirani anthu onse amene magule ena anawasala chifukwa cha miyendo yolemera. A Sid anawamasula.

Mu Sepitembala 1976, pa chikondwerero cha punk ku 100 Club mumsewu wa Oxford Street, anakhala pang'oma kuimbira Siouxsie and the Banshees, tsiku loyamba gululo kuonekera pamaso pa anthu. Ng'omanso sanaziphunzire, koma anazimenya ndithu, pakuti kumenya kokha ankakutha. Mawa lake usiku pamalo omwewo tambula yoponyedwa inasweka, chidutswa n'kulasa mtsikana wina m'diso, ndipo disolo silinaonenso. Amene anamangidwa ndi a Sid. Wotamanda wodziwa ntchito akafika pandime ngati iyi amatsokomola n'kupitirira. Nane ndatsokomola.

Mwayi unabwera mu Febuluwale 1977. Gulu la Sex Pistols linali naye kale woimba besi, Glen Matlock, mnyamata wa mlandu waukulu: ankadziwa kuimba. Pa nyimbo 12 za chimbale cha gululo, 10 zili ndi dzina lake ngati mmodzi mwa ozipeka. Manijala wawo, Malcolm McLaren, anauza atolankhani kuti amuchotsa chifukwa chokonda nyimbo za Beatles; mwiniwake amati anachoka yekha atatopa kukangana ndi Rotten. Kaya zinayenda bwanji, mpando unatsala wopanda munthu, ndipo a Sid anatulukira ndi mapepala awo. Masatifiketi anali awa: msinkhu wautali, thupi lowonda ngati bango, tsitsi loima ngati minga ya nungu, jekete lachikopa, ndipo pamwamba pa zonse, ubwenzi wa ponda apa nane ndipondepo ndi woimba wamkulu, Rotten uja. Amene akuti kalembedwe ka ntchito kotere n'kachilendo kwa iye aimike mkono timuone.

Phindu lawo linaoneka msanga. Pa 10 Malichi gulu linasaina mgwirizano ndi kampani ya A&M patebulo loikidwa panja pa Buckingham Palace, nyumba imene bambo awo a Sid anailonderapo ali msilikali. Kuchoka apo anapita ku maofesi a kampaniyo kukakondwerera, kumene a Sid anaphwanya chimbudzi n'kudzicheka phazi. Patatha masiku 6 kampani inathetsa mgwirizano, gulu n'kuchoka ndi mapaundi 75,000 m'thumba. Werengani nokha: 12,500 patsiku. Kodi Matlock ndi luso lake lonselo analowetsapo ndalama zotere pa sabata imodzi?

Koma utsogoleri wawo weniweni unaonekera pa chimbale. Never Mind the Bollocks, chimbale chokhacho chimene gululi linajambula mu situdiyo, chinatuluka pa 28 Okutobala 1977 n'kufika pa nambala 1 ku Britain. Bwana sagwira khasu. Nthawi yojambula, a Sid anagonekedwa m'chipatala ndi matenda a chiwindi, ndipo Steve Jones, woimba gitala wa gululo, anadzaulula kuti matendawo anawagwera ngati mwayi, popeza anali kale kalikiliki kusaka njira yoti a Sid asayandikire situdiyo. Besi ya pafupifupi nyimbo zonse anaimba ndi Jones. Ya "Anarchy in the U.K." ndi ya Matlock uja. A Sid amamveka, ngati n'kumveka komwe, mu "Bodies" mokha, atakwiriridwa pansi pa besi ina ya Jones. Munda alima aganyu, koma odutsa amati munda wa auje wachita bwino chaka chino.

Asabwere wina kudzati a Sid ankadana ndi maphunziro. Anapita kwa mphunzitsi wamkulu, Lemmy wa gulu la Motörhead, munthu amene besi yake inkalira ngati lole yokwera chitunda. Lemmy ankasimba kuti anayesa kuwaphunzitsa, n'kugwetsa manja patangopita masiku ochepa. Atakumananso, a Sid anamuthamangira ndi chimwemwe kumuuza kuti alowa mu Sex Pistols. Lemmy anawakumbutsa kuti besi satha. Iwo anavomera kuti zimenezo akudziwa, koma m'gulumo alowa basi. Ndiuzeni, ndi akuluakulu angati amene angavomere poyera chonchi? Ambiri amene ali pamipando yosawayenera amakwiya mukawafunsa. A Sid anali oona mtima.

Kwathu kuno mnyamata wa babatoni amakhala ndi nsambo imodzi yokha, yomangidwa pamtengo, koma amaiyankhulitsa mpaka ogulitsa pamsika kusiya malonda. Ameneyo ndi munthu wosaugwira mtima. A Sid anali ndi nsambo zinayi pa Fender Precision yoyera, yolendewera mpaka m'ntchafu, ndipo ankadziletsa. Ankaima pansanja chifuwa chili pamtunda, m'khosi muli unyolo wokhomedwa ndi loko, mlomo wam'mwamba atauketa mbali imodzi ngati munthu wanunkhiza nsomba ya dzana, miyendo tang'a, dzanja likukwapula nsambo mwaukali. Zimamveka kuti masiku ena anzawo ankawazimitsira chokuzira mawu osawauza. Ngati n'zoona, ndiye kuti a Sid ndi woimba amene sanasokonezepo nyimbo pamasiku amenewo, chinthu chimene ngakhale akatswiri sangalumbire.

Tsiku limene gitala yawo inamveka bwino ndi la ku America. Mu Januwale 1978 McLaren anatengera gulu kumadera a kummwera kwa dzikolo, kwa anthu a zipewa za abusa a ng'ombe, podziwa kuti kumeneko phokoso la ndewu silisowa. Anaimba malo 7. Ku San Antonio, m'holo ya Randy's Rodeo, zitini za mowa zikuuluka, a Sid anavula gitala paphewa, kuigwira pakhosi ngati mpini, n'kuigwetsera pamutu pa munthu wina wa m'gulu la oonera. Ku Dallas anaimba magazi akuchucha kumaso, oonera akukuwa mokondwa. Pa 14 Januwale ku Winterland, mumzinda wa San Francisco, Rotten anamaliza nyimbo yotsiriza, n'kufunsa khamu lija ngati linamvapo mumtima kuti laberedwa, n'kuponya maikolofoni pansi. Patangopita masiku ochepa gulu linatha. Ena amati funso lija linali lopita kwa McLaren. Ine sindiloza munthu chala.

Chodabwitsa n'chakuti gulu litatha ndi pamene zinadziwika kuti a Sid anali ndi kanthu. Ku Paris, mu 1978, anaimba "My Way", nyimbo imene anaitchukitsa Frank Sinatra, kuiyamba ndi mawu a mkulu woledzera paukwati kenako n'kuithamangitsa ngati njinga yoduka mabuleki, ndipo inagwira anthu mtima. Nyimbo ziwiri za Eddie Cochran zimene anaimba zinadzafika pa nambala 3 ku Britain mu 1979. Ndipo mu Ogasiti 1978, ku Electric Ballroom m'dera la Camden, anaima kutsogolo ngati woimba, kumbuyo kwawo besi ikulira bwinobwino. Woiimba anali Glen Matlock. Munthu amene munamulanda mpando kubwera kudzakugwirirani ntchito yomweyo inu mukulandira m'manja: ulemu woposa apa uli kuti?

Apa chitamando changa chafika pamtsinje wosaolokeka ndi kutsokomola. Pa 12 Okutobala 1978, m'chipinda nambala 100 cha Chelsea Hotel ku New York, Nancy Spungen, chibwenzi chawo, anapezeka atafa ndi bala la mpeni pamimba. Anali ndi zaka 20. Onse awiri anali akapolo a heroin. Sid anamangidwa pa mlandu wakupha, anatuluka pabelo, anavulaza munthu wina ndi botolo kumalo azisangalalo, n'kukhala masiku 55 m'ndende ya Rikers Island. Anatulukanso pa 1 Febuluwale 1979. Kutacha pa 2 Febuluwale anali atafa ndi heroin, ali ndi zaka 21. Mlandu wa Nancy sunazengedwe.

Mwaona kuti "a" uja ndamusiya. Sakukwananso. Watsala ndi mnyamata amene bambo ake anamusiya ali wakhanda, amene mayi ake nawonso anali m'goli la mankhwala omwewo, amene anzake anamupatsa dzina la kambewa n'kumuombera m'manja nthawi iliyonse akaluma. Pa Khirisimasi ya 1977 ku Huddersfield, gulu linachita phwando la masana la ana a ozimitsa moto amene anali pa sitalaka. Kanema wa tsikulo alipo: ana akudumpha, keke ikuuluka, oimba oopsa a dziko lonse la Britain akuseka nkhope zili phalaphala. Sid ali pakati pawo, wamtali kuposa onse, koma mukayang'anitsitsa simuona chilombo. Mumaona mwana wina amene wabwera kuphwando.

Malonda okha sanafe. Mu 1986 kunatuluka filimu ya Sid and Nancy, Gary Oldman akusewera ngati Sid. Mu 2006 dzina lake linalowa mu Rock and Roll Hall of Fame pamodzi ndi anzake, ngakhale amoyowo anakana kukalandira ulemuwo. Nkhope yake ili pamalaya a achinyamata amene sanamvepo besi yake. Pamene gulu linakumananso mu 1996 kuti liyendayende kukatolera ndalama, panafunika munthu woti nsambo zilire zenizeni, ndiye anaitana Matlock. Anabwera, anaimba, analandira zake. Malaya okhala ndi nkhope ya Matlock sindinakumane nawo.

Ndiye chipewa chija ndinavula ndichilozetse kuti? Sid sanadzilembe yekha ntchito. Anamulemba ndi manijala amene anaona kuti magazi amagulitsa kuposa luso, atolankhani amene ankadikira chimbudzi china chiphwanyike, ndi khamu limene linkalipira pakhomo kuti lione ngati lero agwa. Ulemu ukhale kwa ife oombera m'manja, amene mpaka lero timakweza wooneka bwino pampando, wodziwa ntchito n'kumuimika kumbuyo pafupi ndi mawaya. Akuluakulu amati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Gitala ya Sid sinalire, ndipo sinang'ambike. Tinkaomba mwini wakeyo.