Malaya a Pamsomali Ndi a Mphepo

Akuluakulu akale, aja ankakonda fodya wamphuno, adasiya mwambi woti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ankanena zomwe adaziona. Munthu watsina kafodya kake, asanakafikitse pamphuno wina wamulonjera, iye nkuyamba kufotokoza za ana, za mvula ndi za mwendo womwe ukuvuta. Pomwe azitsiriza, pachala payera.

Ku Kasungu mwambiwu safotokozerana. Mlimi wa kwa Santhe kapena kwa Chulu amadziwa kuti fodya ali kumunda si ndalama, ali m'chigafa si ndalama, ngakhale belo litaima pamzere kumsika wa Chinkhoma si ndalamabe. Koma pali malo ena pomwe mwambiwu umagwira ntchito tsiku lililonse popanda woutchula: pamsomali wa kuseri kwa chitseko cha kuchipinda.

Zovala zochapidwa zili ndi kwawo, kaya mu sutikesi, mu wadirobu kapena m'chikwama cha shangani pansi pa bedi. Zakuda nazo zili ndi kwawo, m'beseni la pakona. Zosowa kolowera ndi za gulu lachitatu: shati yomwe yangokhala m'tchalitchi maola atatu, buluku lomwe langofika pa Boma nkubwerera, chitenje chomwe changoperekeza mwana kusikelo. Mabanja ambiri mlanduwu amauzenga Lamulungu masana.

"Kodi inu bambo, shati ili pampandoyi ndi yochapa?"

"Iyayi, ndangovala kamodzi."

"Ndiye ndiibwezere mu sutikesi?"

"Iyayinso. Ingoisiyani pomwepo."

Pomwepo ndiye pamavuta, chifukwa pomwepo palibe mwini.

Komatu bamboyo asanyozedwe msanga, mfundo ali nayo. Ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo sopo, kaya wamtanda kaya Boom wochokera ku Zambia, adakwera nawo osatsikanso. Madzi nawo sabwera okha. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo imachoka kumjigo ili pamutu pa munthu, makamaka mu Okutobala zitsime zikaphwa. Kuchapachapa kumathetsanso nsalu, pomwe yolowa m'malo mwake yadula: kumayambiriro kwa 2025 ogulitsa kaunjika ku Lilongwe adachita kuguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo kudandaula za mitengo ya mabelo. Chodabwitsa nchakuti amene amateteza shati kuti isachapidwe kawirikawiri si amene amasenza ndowa. Iye akungofuna kuivalanso mawa, nkhani ya sopo amaikumbukira akapanikizidwa.

Bamboyu ali ndi mnzake kutali. Mu 2014 Chip Bergh, yemwe panthawiyo ankatsogolera kampani yosoka majinzi ya Levi Strauss ku America, adauza anthu pamsonkhano kuti jinzi yomwe adavala tsikulo idali isanalowe m'makina ochapira kwa chaka chathunthu. Nyuzipepala zidalemba ngati nzeru zatsopano. Anyamata akabaza a pa Nkhamenya akadamva akadangoseka, poti iwo adayamba kalekale, wopanda wowaitana kumsonkhano.

Tsono malo osungira. Msomali umalandira shati imodzi Lolemba. Pofika Lachisanu wanyamula mashati anayi, mabuluku awiri, lamba ndi chipewa, ndipo chitseko chikungotseguka theka, wolowa azichita chammbali. Shati yoyamba ija, ikadzatulukira, yatupa kakhosi pomwe padakola msomali, kuphatikiza kadontho ka dzimbiri komwe sopo aliyense amakalephera. Mpando wa kuchipinda udasiya kale kukhalidwa ndi anthu. Chingwe chodutsa pakati pa chipinda chimayamba chili chowongoka, kenaka chimawerama mpaka kumapukuta kumaso aliyense wodzuka usiku. Ena amaponya pakhoma logawa zipinda lija losafika kudenga, theka la buluku kuchipinda, theka pabalaza kumene kwakhala alendo. Oipitsitsa ndi oponya pamwamba pa neti: netiyo imatsika nkukhudza thupi, udzudzu nkumaluma uli panja, osavutika nkufuna polowera.

Mphepo ya m'mwambi ija, ikafika pamsomali, imakhala ndi maina. Ina ndi utsi wa kukhitchini. Ina ndi dontho la denga mu Januwale, lomwe limadziwa kusankha shati yoyera. Ina ndi khoswe, yemwe wamva kafungo ka mtedza wotsalira m'thumba la buluku ndipo saona chifukwa cholowera kukamwa kwa thumbalo pomwe angathe kuboola pansi. Udzudzu nawo umakonda kubisala m'zovala zolendewera, ndipo fungo la thupi limauitana; ofufuza a ku Ifakara Health Institute ku Tanzania adagwiritsapo ntchito fungo la masokosi ovalidwa pokopera udzudzu m'misampha. Chovala cha thukuta chikagwera pansi pamthunzi, ntchentche ina imaikirapo mazira, omwe amasanduka mphutsi zolowa pakhungu. Nchifukwa chake agogo ankaumirira simbi yamakala ngakhale pa kabudula wamkati.

Chomvetsa chisoni nchakuti yankho lili panja pa nyumba yomweyo. Fodya wa bale, yemwe mpaka cha m'ma 1990 ankaloledwa kwa eni maesiteti okha, samuumitsa ndi moto ayi, amauma ndi mpweya. Mlimi amasoka masamba, amawapachika pamikangala motalikanitsa bwino, pansi pa denga loletsa dzuwa ndi mvula koma mbali zonse zili pululu kuti mphepo izidutsa. Akawathinanitsa amadziwa chotsatira: chinyezi, chuku, kuola. Akauma amakhala pansi masiku ambiri kusankha, a m'munsi paokha, apakati paokha, akunsonga paokha, oyera uku, ofiirira uko, chifukwa belo losakaniza magiredi kapena lopezeka ndi kachingwe ka pulasitiki amalibweza ku okushoni. Bambo yemweyo, katswiri wosiyanitsa tsamba ndi linzake pongolikhudza, akalowa m'nyumba amaunjika shati ya thukuta pamwamba pa ya kutchalitchi pamsomali umodzi.

Chovala chovalidwako chimafuna zomwezo basi. Thukuta palokha silinunkha kwenikweni. Fungo limabwera ndi tizilombo ta pakhungu tomwe timaswana pachinyezi. Kuitembenuza shati, kuipachika payokha pa hang'ala kapena pakamtengo kopingasa pomwe pali mthunzi ndi mpweya, usiku umodzi wokha, kumaipatsa tsiku lina. Kuipinda ikadali yofunda nkuitsekera mu sutikesi ndi kugawira fungo zinzake zosalakwa.

Pali zovala zina zomwe siziyenera kulowa n'komwe m'gulu lachitatuli. Zoyamba ndi za kumunda nthawi yothyola. Masamba a fodya akanyowa ndi mame amatulutsa nikotini yemwe amalowa m'thupi kudzera pakhungu, ndipo malaya onyowa amamusunga pathupi tsiku lonse. Mutu, chizungulire ndi nseru zomwe othyola amadandaula zimachokera pamenepo. Lipoti la bungwe la Plan International la mu 2009, lomwe lidamva kwa ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Kasungu, Lilongwe ndi Mzimba, lidati mwana angathe kumwerera mamiligalamu 54 a nikotini patsiku, ofanana ndi ndudu 50. Malaya omata utomoni otere malo ake ndi m'beseni, tsiku lomwelo, ndipo apa palibe choseketsa.

Zachiwiri ndi majezi a mpira. Ofufuza a pa yunivesite ya Ghent ku Belgium adapeza mu 2014 kuti malaya a poliyesita amanunkha kwambiri kuposa a thonje munthu akachitiramo thukuta. Wokonda Bullets, Wanderers kapena Arsenal amene amati jezi yake yangoonerera mpira mphindi 90 m'chinyumba cha kanema chodzaza anthu, afunse maganizo a amene adakhala naye benchi imodzi.

Mfumu ya gulu lachitatu ndi jekete. Kasungu ndi kwawo kwa Kamuzu Banda, yemwe ankaoneka pagulu ali mu suti ya mbali zitatu ndi chipewa ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo ulemu wa jekete udatsalira m'bomali. Jekete silowa m'beseni chisawawa. Imapita kuukwati, kumaliro, kubwalo la mfumu, kubanki tsiku lomwe ndalama za fodya zalowa, ndipo ikabwerako amangoikung'untha fumbi nkuipachika, ena nkuiveka pepala la pulasitiki. Imatha chaka osaona madzi, koma palibe amaitcha yakuda.

Tsoka lake nlakuti yopachikidwa imaoneka, ndipo m'nyumba zambiri muli mng'ono amene mapewa ake akula kufanana ndi a mkulu wake. Zimachitika kuti mwini wake wafuna jekete Loweruka m'mawa, wapeza hang'ala yokha ikugwedera. Afunsa mayi, mayi akuti sadaione. Afunsa ana, ana akuyang'anana. Madzulo atsegula Facebook pafoni nkuipeza ili pachinkhoswe ku Mtunthama, yaima pafupi ndi keke, manja ake atapindidwa kawiri. M'munsi mwa chithunzicho anthu akuyamikira kutchena kwa mnyamatayo, ndipo wina wafunsa kuti jekete yokongola chonchi adaigula kuti. Mng'onoyo wayankha kuti ku Johannesburg.