Buku langa aliwerenga onse, wogula ndiye akusowa

Anthu ambiri m'dziko muno ali ndi buku m'mutu. Mukakhala nawo pa siwa usiku, amakuuzani kuti zimene aona pamoyo wawo atati azilembe, dziko lonse likhoza kulira. Anzeru amathera pomwepo, pa kuyankhula. Ine ndinapitirira. Ndinalemba ndithu buku la nthano yaitali, ndipo lero ndikamadutsa pamsika anzanga amabisala kuseri kwa matumba a makala poopa kugulitsidwa buku.

Zitsanzo ndinali nazo. Samuel Josia Ntara anatulutsa Nthondo mu 1933, ndipo chaka chotsatira bukulo linatuluka m'Chingerezi atalimasulira T. Cullen Young. Ife tinakula tikuwerenga Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, Njala Bwana la Willie Zingani ndi Mtima Sukhuta la Jolly Max Ntaba. Ndinkadziona ndili pamzere womwewo, kumbuyo pang'ono kwa a Ntara chifukwa cha ulemu basi. Koma akuluakuluwa anali ndi makampani owasindikizira. Masiku ano ukapita ndi nthano kwa osindikiza mabuku, funso loyamba ndi lakuti, "Kodi lilowa pa silabasi?" Ndalama zili m'mabuku a sukulu, amene makolo amagula akulira chifukwa mwana akulemba MSCE. Langa linali la chikondi cha kondakitala wa minibasi ndi mwana wa abusa. Osindikizawo anandipatsa madzi akumwa n'kundiperekeza mpaka pageti.

Ndinati palibe kanthu, ndisindikiza ndekha. Mayi a kunyumba anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Bambo a ana, walira mvula walira matope." Ndinawayankha kuti alembi onse otchuka anayamba ndi kunyozedwa pakhomo pawo.

Matope oyamba anali mkonzi. Ndinapereka mapepala anga kwa aphunzitsi ena opuma pantchito, amene anaphunzitsa Chichewa m'masiku a Chichewa Board, bungwe lija linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996. Kwa iwo malamulo a kalembedwe ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Anandibwezera mapepala ali psuu ndi inki, ngati poti aphera mbuzi. Kenaka anandifunsa modekha kuti, "Mwana wanga, agogo a mtsikanayu munawaika m'manda m'mutu wachitatu. Nanga m'mutu wachisanu ndi chinayi akudya nsima ya therere pa chinkhoswe, auka liti?" Ndinawafotokozera kuti chimenecho ndi luso lamakono lolemba. Anati luso lotero kwathu timaliitanira sing'anga.

Kenaka panali nambala ya buku, ISBN, ya manambala 13 ija imakhala kuchikuto chakumbuyo. Kuno kwathu imachokera ku National Archives ku Zomba, ndipo lamulo la Printed Publications Act limati aliyense wotulutsa buku akasiye kope kumeneko kuti lisungidwe. Lamulo limeneli ndimalikonda kwambiri. Kuyambira tsiku limene ndinalimva ndakhala ndikuuza anthu kuti Boma lenileni linafuna buku langa, ndipo sindinanamepo.

Kwa wosindikiza ndiko ndinaphunzira zachuma zimene sindinaphunzire kusukulu. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, choncho mtengo wa buku la Chichewa umatsatira dola. Ine ndinalowa m'nkhaniyi mu November 2023, mwezi umene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mtengo umene anandiuza Lolemba unali utakalamba pofika Lachisanu. Bwana wa makinawo anandilangiza kuti ukasindikiza ochepa buku lililonse limadula, ukasindikiza ambiri limatchipa, chifukwa ntchito yokonza makina ndi imodzimodzi. Masamuwo anali oona. Ndinasankha ambiri. Ndalama zinachokera ku banki m'khonde ya mayi a kunyumba, ndipo chiwongoladzanja chake sichidziwa kuti wobwerekayo ndi mlembi.

Makatoni atafika tinawaika kuchipinda. Ana anasamukira pabalaza.

Mwambo wokhazikitsa buku ndinaukonza mwadongosolo: holo, zokuzira mawu, zakumwa, ndi mlendo wolemekezeka wa mimba yooneka kuti ili ndi ndalama. Mukudziwa mmene zimakhalira. Kope loyamba limagulitsidwa mopikisana, woyendetsa mwambo akukuwa, anthu akuimirira mmodzimmodzi kulonjeza. Madzulo amenewo, pa malonjezo okha, ndinali nditabweza ngongole, kugula malata ndi kuyamba kuganiza za galimoto. Mlendo wolemekezeka anati cheke chake tikatenge ku ofesi. Ku ofesiko ali pa msonkhano mpaka lero. Akuluakulu sananame, fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Achibale ndiye ali ndi chiphunzitso chawochawo. Mphwanu akatsegula golosale, mumadziwa kuti shuga ndi wogula. Koma akalemba buku, aliyense amati, "Langa lili kuti?" Amalume anatenga awiri, lina la kunyumba yaikulu, lina la kunyumba yaing'ono, n'kundiuza kuti ndisainemo mawu osiyana. Azakhali anatenga limodzi ngakhale maso anawasiya kalekale, ati likhale pa kabati alendo aziona kuti mtundu wathu ndi wophunzira.

M'masitolo a mabuku amalandira, koma ndalama amati mudzatenge akagulitsa, atachotsapo gawo lawo. Buku langa analiika pansi penipeni, kuseri kwa Mabaibulo, mabuku a nyimbo ndi mapepala a mayeso akale. Ndinkapitako mwakachetechete, n'kulikweza pamwamba, ndikuyerekeza kasitomala amene wadabwa nalo. Mtsikana wogulitsa anandizolowera. Tsiku lina anati, "Bambo, likadalipo lonse, musavutike kuwerenga."

Ndiye ndinasanduka venda. M'chikwama muli mabuku, m'thumba muli kabuku kolembamo angongole. Anzanga a kuntchito amati mwezi ukatha. Mwezi ukatha amati atumiza pa Airtel Money kapena Mpamba. Ukawakumbutsa amati netiweki yavuta. Kunena zoona, mwa zonse zimene ndalemba pamoyo wanga, kabuku ka ngongoleka ndi komwe kali ndi anthu ambiri, ndipo palibe mmodzi amene wafamo n'kuukanso, onse ali moyo ndipo akundizemba.

Alamu anga a ku Johannesburg anadandaula kuti kumeneko bukulo silipezeka, ndiwatumizire pa WhatsApp, awerenge okha. Anawerenga okha pamodzi ndi gulu la mpingo, gulu la anthu akumudzi ndi gulu la anzawo a Fomu 4. Lamulo loteteza alembi lilipo, Copyright Act ya 2016, ndipo bungwe la COSOMA lakhala likugwira ntchitoyi kuyambira 1992. Koma tandiuzani, ndani anakasumirapo mlamu wake amene amatumiza ndalama za feteleza chaka chilichonse?

Sabata yatha ndinakwera minibasi ya ku Ndirande. Mnyamata amene ndinakhala naye anali maso pa foni, akuseka yekha. Nditasuzumira ndinaona mawu anga. Mtima unagunda. Ndinamufunsa ngati nkhaniyo ndi yabwino.

"Ndi yoopsa, madala," anatero. "Koma wolembayo anaiononga kumapeto. Mwana wa abusa sakanakwatiwa ndi kondakitala."

Ndinati mwina wolembayo ankafuna kuonetsa kuti chikondi sichiona ntchito. Kondakitala wathu anavomereza mwamphamvu, mayi wina kumbuyo anatsutsa, ndipo minibasi yonse inagawikana. Anthu anayi anali ataliwerenga. Mnyamatayo anandiuza kuti ndisamalimbikire zinthu zimene sindikuzidziwa, ndiyambe ndawerenga kaye. Anati akhoza kunditumizira ndikamupatsa ya bandulo.

Ndinamupatsa. Mayi a kunyumba sakumvetsa mpaka lero, koma ine ndinkafuna kuona ndi maso anga buku langa likugulidwa kashi.